Tsitsi la m'phanga la Es Càrritx ndi zomera zozunguza bongo pa miyambo ya ku Ulaya wakale

aMbewe:
Moni nonse akuluakulu. Pali nkhani imene yakhala ikundivuta mumtima kwa masabata angapo, ndipo ndikupempha kuti tiisinkhesinkhe pamodzi. M'chaka cha 2023 akatswiri otsogozedwa ndi Elisa Guerra-Doce wa pa yunivesite ya Valladolid ku Spain anafalitsa zimene anapeza atayeza tsitsi la anthu akale lochokera m'phanga la Es Càrritx, pa chilumba cha Menorca cha ku Spain komweko. Phangali linatulukiridwa mu 1995, ndipo linali manda a anthu oposa 200 amene anaikidwamo kwa zaka mazana angapo mpaka cha m'ma 800 BC. Mitembo ina ankaipaka utoto wofiira kutsitsi, kenako ankametako pang'ono n'kuika m'timikebe ta mtengo ndi ta nyanga tokhala ndi zivindikiro, ndipo timikebeto tinakabisidwa m'kachipinda ka mkati kwenikweni, kutali ndi pamene panagona mitembo. M'tsitsilo, limene lili ndi zaka pafupifupi 3,000, munapezeka mankhwala atatu, atropine, scopolamine ndi ephedrine. Awiri oyambawo amachokera ku zomera monga mandrake ndi henbane, pomwe achitatuwo amachokera ku chitsamba chotchedwa ephedra.

Tinazolowera kumva kuti zomera zoonetsa masomphenya ndi za anthu a ku America kapena a ku Siberia, ngati kuti anthu a ku Ulaya chiyambire ankangodziwa vinyo ndi mowa basi. Tsitsi limeneli likutsutsa maganizo amenewo. Funso langa ndi lakuti, kodi umboni wotere ukutilola kunena zinthu mpaka pati, ndipo ndi pati pamene timayamba kuwonjezera zathu?

aNaphiri:
Zikomo bambo Mbewe poyambitsa nkhani imeneyi. Ine ntchito yanga ndi ya mankhwala a kuchipatala, choncho ndiyambe ndi zimene mankhwala mwatchulawo amachita m'thupi. Atropine timamudziwa bwino, chifukwa ndi amene timabaya munthu amene wamwa mankhwala ophera tizilombo ta m'munda. Koma iye pamodzi ndi scopolamine akachuluka m'thupi, mkamwa mumauma gwa, khungu limatentha popanda thukuta, mtima umathamanga, mboni za m'maso zimakula, ndipo munthu amayamba kubwebweta, kuyankhula ndi anthu amene palibe ndi kutola zinthu zosaoneka. Ambiri akatsitsimuka sakumbukira bwino zimene zinachitika. Si chinthu chimene munthu angachifune kuti asangalale nacho madzulo, ndipo mlingo wozunguza mutu sutalikirana kwenikweni ndi mlingo wakupha.

Chachiwiri ndi chakuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo limasunga zimene zinali m'magazi pa nthawi imene linkakula. Chifukwa chake ofufuzawo anatha kunena kuti eni tsitsilo anakhala akumwa zomerazi kwa miyezi yambiri asanamwalire. Munthu amene amamwa henbane kapena mandrake mobwerezabwereza n'kukhalabe moyo ndiye kuti iye mwini, kapena womupatsayo, ankadziwa gawo la chomera loyenera kutenga ndi kuchuluka kwake. Nzeru yotere sibwera mwangozi, imachita kuphunzitsidwa.

aNkhoma:
Ndikugwirizana nanu mayi Naphiri pa zonse za mankhwala, koma ndikupempha kuti tisathamange. Tsitsi likutiuza kuti chomera chinalowa m'thupi, koma silikutiuza chifukwa chake chinalowa. Munthu wodwala kwa nthawi yaitali, amene achibale ake ankamupatsa mandrake kuti ululu uchepe ndi kuti apeze tulo, tsitsi lake lingaonetse zofanana ndi la wansembe amene ankamwa kuti aone mizimu. Chimene chikukokera ofufuza ku mbali ya mwambo ndi chakuti mwa anthu oposa 200 aja ndi ochepa okha amene tsitsi lawo linasungidwa motere, ndiponso kuti zivindikiro za timikebeto zinalembedwa mizere yozungulira yolowana, imene ena amati ikuimira maso. Zimenezo ndi zomveka, koma ndi kutanthauzira, si zimene makina a mu labotale anaonetsa.

Ndikuumirira pamenepa chifukwa cha zimene zinachitika ku Balfarg ku Scotland. Kumeneko kunamveka kuti m'mapale a miphika ya zaka pafupifupi 5,000, opezeka pa malo a mwambo, munali zotsalira za henbane, ndipo nkhaniyi inalowa m'mabuku ambiri monga chitsanzo cha chakumwa cha masomphenya. Patapita zaka akatswiri ena anayezanso zotsalira za m'mapale omwewo ndipo henbane sanamupeze. Koma mpaka lero mudzawerenga anthu akutchula Balfarg ngati kuti palibe chimene chinasintha.

aNabanda:
Ine ndine wamng'ono pa nkhanizi ndipo ndikuphunzira kwa inu makolo anga. Ndifunse kuti, pa zomera zonsezi, chimene chili ndi mbiri yakale kwambiri ku Ulaya ndi chiti?

aMwale:
Achemwali a Nabanda, yankho lake ndi popi, duwa limene utomoni wake ndiwo opiyamu. Mbewu zimene alimi oyamba a ku Ulaya ankadzala, monga tirigu, balere ndi mphodza, zinachokera kum'mawa, koma popi akuoneka kuti anayamba kulimidwa kumadzulo kwa nyanja ya Mediterranean. Pa mudzi wakale wa La Marmotta, umene unamira m'nyanja ya Bracciano pafupi ndi Rome, panapezeka njere za popi za zaka zoposa 7,000. Zinapezekanso zambiri m'midzi ya m'mbali mwa nyanja za ku Switzerland, ndiponso m'midzi ya alimi oyamba a m'chigwa cha mtsinje wa Rhine.

Malo amene amandikhudza kwambiri ndi phanga la Los Murciélagos ku Albuñol, m'chigawo cha Granada, limene Manuel de Góngora analifotokoza mu 1868. Kuuma kwa m'phangamo kunasunga mitembo pamodzi ndi nsapato ndi timadengu tolukidwa ndi udzu, ndipo pamodzi ndi akufawo panali timitu ta popi. Munthu akamaika m'manda chomera chimene chimagonetsa tulo ndi kuchotsa ululu, n'kovuta kukhulupirira kuti sankadziwa mphamvu yake.

Ndinakhalanso ndi mwayi wofika ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Heraklion pa chilumba cha Crete, kumene ndinaona chifaniziro cha dothi chochokera ku Gazi, cha m'zaka za m'ma 1300 kapena 1200 BC. Ndi mkazi amene wakweza manja onse awiri, maso ake ngati otsinzina, ndipo pamutu pake pabayidwa timitu titatu ta popi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa pa timituto pali mizere yotsika, yooneka ngati yochita kucheka.

aNaphiri:
Mizere imeneyo ndi imene ili ndi nkhani yonse, bambo Mwale. Njere za popi pazokha ndi chakudya, zili ngati chitowe, zimatulutsa mafuta ndipo anthu a ku Ulaya amaziwaza pa buledi mpaka lero. Choncho njere za ku La Marmotta sizikutiuza za mwambo uliwonse, zikhoza kukhala za m'khitchini. Opiyamu amapezeka munthu akacheka kamutu kakadali kakawisi, utomoni woyera n'kutuluka, n'kuuma n'kusanduka wofiirira, kenako n'kuupala. Woumba wa ku Gazi amene anaika mizere pa timituto ankadziwa ntchito imeneyi, ndipo anaiika pamutu pa chifaniziro cha m'kachisi. Kwa ine umenewu ndi umodzi mwa maumboni olimba kwambiri amene tili nawo. Ndiwonjezere kuti mu 2018 akatswiri a yunivesite ya York ndi a British Museum anapeza zotsalira za mankhwala a opiyamu m'kabotolo kadothi kotsekedwa kochokera ku Cyprus, ka mtundu umene Robert Merrillees ananena kale mu 1962 kuti maonekedwe ake akufanana ndi kamutu ka popi kozondotsa. Komabe zotsalirazo zinali m'mafuta, ndipo ofufuza sanabise kuti akhoza kukhala mafuta odzola.

aChisale:
Akuluakulu, ndawerenga zonse mwachidwi, koma ndikuona kuti tikuzungulira m'mphepete n'kusiya nkhani yaikulu, imene ndi mwambo wachinsinsi wa ku Eleusis, ku Greece. Kwa zaka zoposa 1,000, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 300 AD, anthu zikwizikwi chaka chilichonse ankayenda pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Athens kupita ku kachisi wa Demeter, mulungu wamkazi wa mbewu, ndi mwana wake Persephone. Ankalandira aliyense woyankhula Chigiriki amene sanakhetse mwazi, mkazi kapena mwamuna, mfulu kapena kapolo, ndipo ngakhale mafumu a Aroma monga Hadrian ndi Marcus Aurelius analowa nawo. Atasala kudya ankamwa chakumwa chotchedwa kykeon, kenako ankalowa usiku m'nyumba yaikulu yotchedwa Telesterion, ndipo zimene ankaona mmenemo kuulula kwake chilango chinali imfa. Otulukamo ankanena kuti sakuopanso imfa monga kale.

Nyimbo yakale yotamanda Demeter imatchula zimene zinali m'chakumwacho, kuti mulungu wamkaziyo anakana vinyo n'kupempha madzi osakaniza ndi balere ndi kachitsamba konunkhira ka mtundu wa minti. Mu 1978 Gordon Wasson, Carl Ruck ndi Albert Hofmann, yemwe uja anapanga mankhwala ozunguza bongo otchedwa LSD ku Basel mu 1938, analemba kuti chinsinsi chinali m'balereyo, kuti ansembe ankagwiritsa ntchito ergot, chuku chakuda chimene chimamera pa ngala m'malo mwa njere. LSD amachokera ku mankhwala a m'chuku chomwecho. Ine ndikuona kuti palibe njira ina yofotokozera mmene mwambo umodzi unkasinthira mitima ya anthu ochuluka chotero, chaka ndi chaka, osalephera. Phala la madzi la balere silingachite zimenezo.

aNkhoma:
Achimwene a Chisale, maganizo amenewo ndi otchuka, ndipo ine ndinawakhulupirira kwa zaka zingapo. Chimene chinandibweza ndi chakuti ku Eleusis kwenikweniko sikunapezeke chikho kapena mphika ndi umodzi womwe wokhala ndi zotsalira za ergot, ndipo palibe wolemba wakale aliyense, ngakhale Akhristu amene ankadana ndi mwambowu ndipo ankafunitsitsa kuunyoza, amene ananena kuti anthu ankawamwetsa mankhwala. Clement wa ku Alexandria anaulula mawu amene olowa mwambo ankanena, onena za kusala kudya, kumwa kykeon ndi kutenga zinthu m'bokosi. Hippolytus analemba kuti pachimake pa mwambo ankaonetsa ngala yodulidwa mwakachetechete. Akanamva za chakumwa chopengetsa anthu, sakanaleka kuchitchula. Onaninso nkhani ya Alcibiades, mtsogoleri wa asilikali wa ku Athens, mu 415 BC. Mlandu wake unali wakuti anachita sewero la mwambowu m'nyumba ya munthu pamaso pa osalowa, ndipo pa zimene zinalembedwa za mlanduwo palibe pamene akunena kuti anaba chakumwa.

aNaphiri:
Ndiwonjezere za ergot yemweyo. Chuku chimenechi chili ndi mankhwala ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo amafinya mitsempha ya magazi. M'zaka zapakati ku Ulaya, anthu akadya buledi wa rye wokhala ndi ergot ankamva ngati miyendo ikupsa ndi moto, zala zinkada n'kuthothoka, ena ankagwidwa ndi khunyu, ndipo matendawo ankawatcha moto wa Anthony Woyera. Hofmann ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ananena kuti mwina ansembe ankangoviika m'madzi, popeza mankhwala ena a m'chukucho otchedwa ergometrine amasungunuka m'madzi mosavuta kuposa mankhwala oopsawo. Koma ergometrine ndi yemwe uja azamba amabaya mayi amene akutaya magazi atangobereka, chifukwa amakunga chiberekero. Anthu amene anamuyesa pofuna masomphenya ananena kuti mphamvu yake inali yochepa ndipo inabwera ndi kupweteka kwa miyendo. Tsono taganizirani kumwetsa chinthu chotere khamu la anthu zikwi zingapo, ena mwa iwo amayi oyembekezera ndi okalamba, chaka ndi chaka, popanda mbiri ya ngozi kumveka.

aChisale:
Ndamva, mayi Naphiri, ndipo za azambazo sindinkazidziwa. Koma sindikugonja msanga, chifukwa pali malo otchedwa Mas Castellar de Pontós ku Catalonia, pafupi ndi mzinda wakale wa Agiriki wa Emporion. M'nyumba imene ofukula amaiona kuti inali ya chipembedzo chokhudzana ndi Demeter, kunanenedwa kuti zotsalira za ergot zinapezeka m'kachikho kakang'ono ndiponso m'zokakamira za m'mano a chibwano cha munthu. Kodi zimenezo n'zopanda kanthu?

aNkhoma:
Si zopanda kanthu ayi, ndipo mwachita bwino kuzitchula, chifukwa ndi umboni wokhawo wa m'nthaka umene ukuyandikira ku maganizo a anthu atatu aja. Vuto lake ndi lakuti ergot ndi matenda a mbewu, ndipo aliyense wodya phala kapena kumwa mowa wa mbewu zodwala akhoza kukhala naye m'mano popanda kufuna. Ndiponso Pontós ili kutali kwambiri ndi Eleusis, kumalekezero ena a nyanja. Ine ndinganene kuti Pontós ikuchititsa kuti nkhaniyi isatayidwe, koma siikuimaliza.

aMbewe:
Ndilowererepo pa mawu amodzi a bambo Chisale, akuti palibe njira ina yofotokozera kusinthika kwa mitima ya anthuwo. Pamenepo ndiye sindikuvomereza, ndipo ndikuona kuti ife amene tinakulira kumene chinamwali chili ndi mphamvu tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa olemba ambiri a ku Ulaya. Munthu amene wakonzekera kwa miyezi, wasamba m'nyanja, wasala kudya, wayenda tsiku lonse m'khamu loimba, wafika usiku ali wotopa ndi wamantha, walowa mumdima pamodzi ndi anzake, kenako mwadzidzidzi moto waukulu n'kuwala ndi mawu a wansembe n'kumveka, ameneyo safunika chomera kuti atuluke ali munthu wina. Chinsinsi pachokha chili ndi mphamvu, chifukwa chinthu chimene waloledwa kuona koma sungachiulule chimakula mumtima. Aristotle ananena kuti olowa mwambo sapita kukaphunzira kanthu koma kukakhudzidwa. Ndimaona kuti anthu a masiku ano, amene miyambo yawo inazilala, akamva za mwambo wamphamvu amafulumira kufunafuna mankhwala, chifukwa sakhulupirira kuti nyimbo, njala, mdima ndi gulu zingachite zotere pazokha.

aChisale:
Pamenepo mwandigwira mtima, bambo Mbewe, ndipo mawu aja akuti palibe njira ina ndawabweza. Ndikusungabe chikayiko changa pa kykeon, chifukwa sindikumvetsa kuti chakumwa wamba chinalowa bwanji m'mawu opatulika amene munthu aliyense ankayenera kunena, koma ndavomera kuti chikayiko si umboni.

aMwale:
Ngati tikufuna malo amene wolemba wakale ananena poyera ndipo nthaka inamuvomereza, tipite kwa Asukuti, anthu okwera pa akavalo amene ankakhala kumpoto kwa Black Sea, m'dera limene lero ndi Ukraine ndi kumwera kwa Russia. Ndi omwe aja amatchulidwa pa Akolose 3:11. Herodotus, wolemba mbiri wachigiriki, polemba m'zaka za m'ma 400 BC, anafotokoza kuti akaika maliro ankadziyeretsa motere: ankaimika mitengo itatu yotsamirana, n'kuikuta ndi nsalu zochindikala za ubweya, n'kuika mkatimo chotengera cha miyala yofiira ndi moto, kenako ankakwawira mkati n'kuponya njere za chamba pa miyalayo. Utsi unkatuluka wochuluka, ndipo iwo ankafuula ndi chisangalalo. Herodotus anaganiza kuti kumeneku kunali kusamba kwawo.

Kwa zaka zambiri owerenga ena ankayesa kuti ndi nthano za apaulendo. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 Sergei Rudenko anafukula manda oundana ndi madzi a ku Pazyryk, m'mapiri a Altai, ndipo m'manda amodzi anapeza timitengo ta kachihema, mbaula zamkuwa zodzaza miyala, ndi njere za chamba, zina zowauka. Ndivomereze kuti Pazyryk ili ku Siberia, si ku Ulaya, koma anthu ake anali a chikhalidwe chofanana ndi cha Asukuti, ndipo zida zake zikugwirizana ndi zimene Mgiriki uja anamva ku gombe la Black Sea.

aNaphiri:
Pa njerezo pali kanthu koyenera kukonza. Njere za chamba pazokha zilibe mphamvu yozunguza mutu, mphamvu ili m'maluwa ndi timasamba tokuta njerezo. Choncho n'zoonekeratu kuti ankaponya nsonga zathunthu, ndipo zimene zinatsala pa miyala moto utazima zinali njere, zomwe Herodotus kapena womufotokozera anaziona n'kuyesa kuti ndizo zonse. Kulakwitsa kwakung'onoko kumandichititsa kumukhulupirira kwambiri, chifukwa kukuonetsa munthu amene akufotokoza chinthu chenicheni chimene sanachimvetse.

aNabanda:
Pamene ndikuwerenga ndaona chinthu chimodzi chikubwerezeka. Tsitsi la ku Menorca linali la mitembo, popi wa ku Albuñol anali m'manda, chamba cha Asukuti chinali cha pambuyo pa maliro, ndipo ngakhale Eleusis nkhani yake ndi ya mwana amene anatengedwa kupita kwa akufa. Kodi tinganene kuti zomerazi zinali za maliro makamaka?

aNkhoma:
Mwaona bwino, achemwali, ndipo funso lanu ndi lofunika kuposa ambiri amene tafunsa. Mbali ina ndi zoona, chifukwa Agiriki eni ake ankati Tulo ndi Imfa ndi mapasa, ndipo popi ankamujambula m'manja mwa Demeter. Koma kumbukirani kuti manda ndi malo amene zinthu zimaikidwa mwadala, kutsekeredwa, n'kusiyidwa osakhudzidwa. Chomera chimene chinamwedwa pa gule, pa ukwati kapena pobereketsa mayi sichinasiye kanthu, chifukwa chikho chinatsukidwa ndipo masamba anatayidwa kudzala. Choncho kuchuluka kwa umboni wa m'manda kukutiuza zambiri za mmene zinthu zimasungikira, osati za mmene anthu ankakhalira zokha.

aMwale:
Ndipo tisaiwale kuti chozunguza mutu chimene chikuoneka kwambiri m'manda a ku Ulaya ndi mowa. Ku Hochdorf pafupi ndi Stuttgart ku Germany, mfumu ya anthu akale otchedwa Aselote ya cha m'ma 530 BC inaikidwa ndi chimphika chamkuwa cha malita 500, chimene munali mowa wa uchi pafupifupi malita 350, ndipo pakhoma panapachikidwa nyanga 9 zomwera. Pa mudzi wapafupi pomwepo Hans-Peter Stika anapeza chimera chambiri cha balere pamodzi ndi njere zochepa za henbane, ndipo ananena kuti mwina ankathira m'mowa kuti ukhale waukali. Koma henbane ndi chomera chimene chimakonda padzala ndi pakhola, monga amachitira bonongwe, choncho njere zochepa pafupi ndi nyumba sizidabwitsa.

aChisale:
Nanga ankhondo a ku Scandinavia otchedwa berserker, amene amati ankadya bowa wofiira wa madontho oyera asanapite ku nkhondo? Zimenezo ndazimva kawirikawiri.

aNkhoma:
Imeneyo ndi yosavuta kuyankha. Maganizowo anayamba ndi Samuel Ödmann wa ku Sweden mu 1784, atawerenga za anthu a ku Siberia amene ankadyadi bowayo. M'nkhani zakale za ku Iceland ndi Norway zimene zimafotokoza za ankhondowo mulibe pamene patchulidwa bowa. Ngati mukufuna umboni weniweni wa kumpoto, pitani ku Fyrkat ku Denmark, linga la m'nthawi ya mfumu Harald Bluetooth, cha m'ma 980 AD. Kumeneko mkazi wina anaikidwa m'bokosi la ngolo, pamodzi ndi ndodo yachitsulo, tizithumwa tosiyanasiyana, ndi kathumba ka njere za henbane. Ndodo zotere zimagwirizana ndi akazi olosera amene nkhani zakale zimawatcha völva. Apa njere sizinali padzala, zinali m'kathumba, pa thupi la munthu amene katundu wake yense akuloza ku ntchito ya maula. Chochititsa chidwi n'chakuti mkaziyu anaikidwa mwaulemu m'linga la mfumu yomwe inalembetsa pa mwala wa ku Jelling kuti inasandutsa anthu a ku Denmark kukhala Akhristu.

aNaphiri:
Pali chitsanzo china chofanana nacho chimene chinafalitsidwa mu 2024 ndi Maaike Groot ndi anzake. Ku Houten ku Netherlands, pa mudzi wa m'nthawi ya Aroma, kunapezeka fupa la mwendo wa nkhosa kapena mbuzi, loboola mkati, lodzaza njere mazanamazana za henbane, ndipo kukamwa kwake kunatsekedwa ndi phula la mtengo wa birch. Ndi la pakati pa 70 ndi 100 AD. Palibe amene angatsutse kuti munthu anatola njerezo mwadala n'kuzisunga. Koma m'zaka zomwezo Dioscorides, sing'anga wachigiriki, ndi Pliny, wolemba wachiroma, anali atalemba za henbane monga mankhwala a ululu, chifuwa ndi mano, ndipo Pliny anachenjeza kuti amasokoneza mutu ngati vinyo. Mwini fupa lija akhoza kukhala sing'anga wa m'mudzi. Ndipo ndikayikira ngati iye akanamvetsa funso lathu lakuti kodi ndi mankhwala kapena ndi mwambo, popeza kwa anthu ambiri akale wochiza ndi wopempherera anali munthu mmodzi, ndipo chomera chinkakumbidwa ndi mawu ake ndi miyambo yake.

aMbewe:
Mawu omalizawo, mayi Naphiri, andibwezera ku Es Càrritx ndi maso ena. Ndinkafuna kuti tisankhe pakati pa wodwala wa bambo Nkhoma ndi wansembe wa ofufuza aja, koma mwina munthu amene tsitsi lake linapakidwa utoto wofiira anali zonse ziwiri, kapena anali wochiza amene ankamwa yekha chimene ankapatsa ena. Pali chinthu china chimene sindinatchule poyamba. Timikebe tija sitinagwe mwangozi m'kachipinda kaja. Cha m'ma 800 BC, pamene moyo wa pa chilumbacho unkasintha ndipo anthu ankasiya kuika maliro m'phangamo, wina anasonkhanitsa timikebeto pamodzi ndi chipeso cha mtengo ndi ziwiya zina za mwambowo, anakwawa nazo mpaka mkati mumdima, anaziika m'dzenje n'kuzivindikira. Ofufuza akuganiza kuti ankazibisa kuti zisaonongeke. Ine chimene ndikufuna kumvetsa tsopano ndi munthu ameneyo, amene anadziwa eni tsitsilo mayina awo ndi chimene ankamwera zomerazo, ndipo anaona kuti ndi bwino kuzikwirira kusiyana ndi kuzisiya poyera. Bambo Nkhoma, kodi mu zimene mwawerenga muli malo ena ku Menorca kapena ku Mallorca kumene timikebe ta tsitsi totere tinapezeka?

aNkhoma:
Alipo, bambo Mbewe. Mwambo wopaka ndi kumeta tsitsi la akufa unadziwikanso m'mapanga ena a ku Menorca, ndipo limodzi mwa iwo ndi Cova des Pas, kumene mitembo inasungika bwino kwambiri pamodzi ndi tsitsi lake. Chimene ndikanakonda ndi chakuti tsitsi la anthu wamba a m'mapanga amenewo, amene sanametedwe n'kuikidwa m'timikebe, liyezedwe ndi makina omwewo. Likapezeka lopanda atropine ndi scopolamine, ndiye kuti zomerazi zinalidi za anthu ochepa osankhika, ndipo ine ndidzasiya kukamba za wodwala wanga uja. Likapezeka nazo, ndiye kuti mudzi wonse unkazidziwa, ndipo timikebeto tinali ndi tanthauzo lina.